Mpheta za pa chigafa chathu

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anadwala chifuwa, tili matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chamama. Kwathu kunali ku Mulanje. Lamulo la pa esitetipo linali lodziwika: munda, nyumba ndi phoso ankapatsa banja la mwamuna ndi mkazi. Mkazi yekha sankamuwerengera.

Mumtengo wa mthethe, pafupi ndi chigafa chathu choyanikamo fodya, munkakhala mpheta ziwiri. M'mawa uliwonse ina inkayamba nyimbo, inzake n'kuilandira msangamsanga, moti ukanati ikuimba ndi mbalame imodzi. Mpheta zina zikangoyandikira, ziwirizi zinkatera panthambi imodzi, zifuwa zili tukumu, n'kuimba mokweza mpaka alendowo atabwerera.

"Zimakondana," ndinatero tsiku lina tikusoka fodya.

"Zikulondera," anayankha amayi osadzutsa mutu. "Zikuuza zinzake kuti pano tilipo awiri."

Chifuwa chitakula, amalume anabwera mwakachetechete n'kuwatenga bambo kupita nawo kumudzi. Amayi sanauze munthu. Anakoleka jekete la bambo pamzati wa chigafa, pafupi ndi mikangala, mitengo yokolekapo fodya, ndipo kapitawo akamadutsa panjinga amayiwo ankafuula, kuitana bambo ndi dzina la ine mwana wawo, kuti, "Bambo a Esinati, tandipatsirani mikangala iyo!" Ankadikira pang'ono, kenako n'kuti, "Eya, yomweyo." Ine ndinkayesa mutu wawo wasokonezeka, koma sindinafunse. Ndinkangotunga masamba, manja ali bii ndi phula la fodya.

Masiku omwewo mphamba anagwira mpheta imodzi. Yotsalayo inkaimbabe mbali yake, n'kumasiya mpata pamene inzake inkayankhira. Mpatawo unamveka kutali. Posakhalitsa mumtengo muja munalowa mpheta zina ziwiri, ndipo yathu ija sitinaionenso.

Kapitawo nayenso anali ndi makutu. Tsiku lina anatsika panjinga.

"Mayi, amuna anuwa bwanji sayankha?"

"Pakhosi pawatupa, bwana."

Kapitawo analowa m'chigafa n'kugwira jekete lija. M'mapewa munali fumbi lokhalokha.

Anatichotsa pa esitetipo, ndipo tinachoka fodya wathu ali lende pamikangala. Tikumanga katundu, banja latsopano linali litalowa kale m'chigafa. Ndinamva mwamuna akuti, "Patse mkangala," mkazi n'kuyankha, "Nawu." Sindinalire. Ngakhale titafika kumudzi n'kupeza bambo ataikidwa kale m'manda, misozi sinabwere. Ndinangokhala pakhonde n'kumakanda phula lija m'manja.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikudziwa kuti amayi sanali openga. Ankalondera denga limene tinkagonamo, ndi mawu okha, chifukwa ndiwo anawatsalira. Ankadziwanso bwino kuti nyimbo ya awiri siimbika ndi pakamwa pamodzi, poti anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Chimene chimandikhalabe pamtima ndi kampata kaja kamene ankasiya asananene kuti "Eya." Kapitawo sankafunika kampata kotalika choncho. Amayi ankadikiradi yankho.