Mkeka wa M'diso la Chambo

Maikulosikopu ya pasukulu pathu, chida chokulitsira tinthu tosaoneka ndi maso, inkakhala m'kabati ya ahedi, kiyi wake m'thumba la jekete lawo. Ndinafika pasukulupo, kufupi ndi nyanja ya Chia, matipate atangoyamba, aliyense akutulutsa zakukhosi, ndipo nanenso pakamwa panandiyabwa. Pamsonkhano wa aphunzitsi ndinafunsa kuti ngati akaidi andale anamasulidwa, chidachi chinalakwanji. Ahedi sanaseke. Anati nditenge mpaka Lachisanu, koma ana akapanda kuonamo chanzeru chibwerera m'kabati, nkhani yake n'kuthera pomwepo.

Ndinali nditauza ana a Folomu 3 kuti kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kodzaza ndi timaselo tolandira kuwala, tina tonga timitengo toonera mumdima, tina tonenepa kumunsi ndi tosongoka kunsonga, tosiyanitsira mitundu masana. Buku lathu linali ndi chithunzi chimodzi chofufutika. Ndinaganiza kuti ana a asodzi ayambe ndi diso la nsomba, ndiye ndinawatuma nsomba.

Ndinaiwala kuti kunyanja kuno mayi sangatumize kwa mphunzitsi nsomba yosakonza. Zinabwera zong'amba bwino, zothira mchere, ina yowamba kale, maso atauma gwa. Ndinathokoza, ndinadya, n'kufotokozanso kuti ndikufuna yaiwisi, yosakonza. Mawa lake anabweretsa chambo chachiwisi chimene chinafera padzuwa m'bwato. Ndinatumbula diso, kansalu kaja kanamatirira ku chinthu chakuda ngati mwaye, ndipo pagalasi panangooneka mdima. Ana ankasuzumira mmodzimmodzi n'kumati aona. Bodza laulemu limenelo linandipweteka kuposa kusekedwa.

Lachinayi masana ndinakulunga chidacho m'chitenje n'kupita nacho kunyumba. Ndinkakhala kwa mayi wina wamasiye wachisilamu, woluka mikeka, amene anakulira kung'amba nsomba. Anandimva ndikung'ung'udza pakhonde, ndikulimbana ndi diso lina la nsomba, nati ndikupha lezala ndi ukali. Iwo ankasunga chambo chamoyo mumtsuko wovindikira, chodikira alendo a Ijumaa, Lachisanu lawo la mapemphero. Anapisamo dzanja, natulutsa chimodzi, nachipha, nandilanda lezala.

Manja amenewo sindidzawaiwala. Sankayang'ana n'komwe, nkhope anailozetsa kumtengo wa mango, zala zokha zikufufuza. Anazunguliza lezala m'mphepete mwa diso, nachotsa kamkanda ka m'kati, kenaka ndi kansonga ka mlaza ananyamula kansalu kaja katunthu, koyera, kosang'ambika, nakayala pagalasi langa. Ndinadzawerenga pambuyo pake chifukwa chake: nsomba ikakhala padzuwa, utoto wakuda umatsikira pakati pa timaselo kutiteteza, ndipo ikakhala mumdima utotowo umabwerera m'mbuyo, kansalu n'kumasuka. Mtsuko wawo unachita zimene ine ndi satifiketi yanga sitinkadziwa.

Ndinatembenuzira kalilole wa chidacho kudzuwa, n'kusuzumira. Timaselo tinali titandanda mizeremizere, tambiri tili tiwiritiwiri ngati mapasa, mapasa anayi atazinga kamodzi kakang'ono pakati, kenaka chimodzimodzi pambali pake, mpaka kumene galasi linathera. Ndinachita manyazi ndi nsomba zonse zimene ndinatafuna maso ake osaganiza kanthu.

Ndinawakokera amayi aja kuti aone. Anaika diso nthawi yaitali, nasintha linalo, kenaka anaweramuka n'kuseka pang'ono.

"Ine ndikungoona nkhungu, mwanangu. Ng'alayi yatha zaka. Tandiuzani inu."

Miyezi yonseyo ndinkadya nawo mbale imodzi osazindikira. Ndinawafotokozera zimene ndinkaona. Anandifunsa ngati mapasawo agona mopingasa kapena motsatana, ndiponso ngati mzere wachiwiri ukuyambira pomwe woyamba wayambira. Anatenga milaza yoyera ndi yonyika mu utoto wofiira, naluka kachidutswa kokula ngati chikhatho.

"Chonchi?"

Ndinayang'ana m'chida, ndinayang'ana m'dzanja lawo. Chinali chomwecho.

"Subhanallah," anatero, kutamanda Mulungu mwachisilamu. "Ndiye Woluka ameneyu sadumphitsa."

Lachisanu m'mawa anasenza mtsuko mpaka kusukulu, napha chambo china, nadula diso lake ana akuonerera, alendo awo n'kutsala ndi chambo chimodzi chokha. Ana ankayamba agwira kachidutswa ka mkeka, kenaka n'kusuzumira, ndipo ulendo uno palibe ananena mwaulemu kuti waona. Ankakankhana, ena akuwerenga mapasa mokweza.

Ahedi anabwera pomaliza, manja kumbuyo. Anavula magalasi, nawerama, nakhalitsa mpaka belu linalira. Ataweramuka anatembenuza kamkeka kaja uku ndi uku, nafunsa kuti amayiwa anaonera kangati kuti aluke chonchi. Ndinati sanaonepo, ndipo sangaone.

Anapisa m'thumba la jekete, nasiya kiyi patebulo panga, n'kusenzetsa amayi aja mtsuko ndi manja awo.