Esmeralda ndi mng'alu wa pakhoma

Ku Lulimile mukafunsa za Esmeralda, anthu amayamba aseka kenako n'kukulozerani nyumba. Ndiye mayi uja amaopa chilichonse: udzudzu, njinga zamoto, ngakhale nkhuku ikayang'anitsitsa mwana wake Dino. Sukulu analekezera kalasi ya nona, yachisanu ndi chinayi, ndipo chimene anatolako n'kuyeza zinthu zomuopsa.

Chachikulu chinali mng'alu wa pakhoma pomwe Dino amagona. Nyumbayo inamangidwa pa makande. Mvula ikagwa dothi limafufuma, dzuwa likawomba limanyala, khoma n'kumatsatira. Mu Ogasiti mng'aluwo unkalowa kamtengo ka machesi. Pofika Okutobala unkameza chala. Esmeralda anasamutsira mphasa ya mwana pakati pa chipinda, mwamuna wake Nando akungoti, "Si linapirira chaka chatha?"

Anapita kwa a Januário, bambo oyandikana nawo amene kale ankagwira ntchito yokonza misewu.

"Make Dino, dothi lakoli ndi chidakwa, limamwa madzi osaleka. Gula thumba la laimu. Tikumbe m'mbali mwa maziko, tisakanize ndi dothi, titsendere. Lisiya mwano."

Anaguladi. Koma kuno laimu timam'dziwa ntchito imodzi, yoyeretsa makoma Khirisimasi ikayandikira. Tsiku limene Esmeralda anapita ndi Dino kusikelo, Nando anapeza thumbalo, n'kusungunula theka, n'kupaka nyumba yonse. Pobwera mayi anapeza khoma lili mbee, mng'alu wosaoneka.

"Waona? Watha," anatero Nando.

Chochititsa manyazi n'chakuti katswiri wa zoyezayeza uja anaomba m'manja. Masiku awiri anayenda monyada. Tsiku lachitatu anadinapo ndi chala, chala n'kulowa chonse.

A Januário anaseka mpaka kutsokomola. "Wodwala mwam'dzoza mafuta, mankhwala osam'mwetsa!"

Laimu wotsalayo anakwanira khoma la Dino lokha. Mwana anakam'siya kwa mana Julieta, mnzake wa kuseri kwa mpanda, chifukwa laimu amawotcha khungu. Esmeralda anamanga nsalu pakamwa, n'kukumba m'mbali mwa maziko ndi khasu, n'kusakaniza dothilo ndi laimu, n'kuwaza madzi. Ankafuna kutsendera pomwepo, koma a Januário anam'letsa: "Masiku awiri, ligone kaye." Atatha masikuwo, dothi lomata kukhasu lija linali loyoyoka m'manja. Analibwezera pang'onopang'ono akulisinja ndi musi mpaka matuza.

"Mukusinja chiyani pansipo, mana?" anafunsa Julieta pampanda.

"Mantha, mana. Sakufewa."

Mng'alu anaumata ndi dothi lomwelo. Mvula inayamba mu Disembala. M'mawa uliwonse, asanasukusule, Esmeralda ankapita ndi kamtengo ka machesi. Januwale, sikanalowe. Febuluwale, mvula ya masiku anayi osakata, sikanalowe. Mu Malichi anakoka mphasa ya Dino n'kuibwezera kukhoma, iye n'kukhala pomwepo masana onse, dzanja lili pakhoma ngati angaligwire likamagwa.

Silinagwe. Bokosi la machesi sanalitaye. Nyumbayo ili ndi makoma ena atatu.