Kafosholo ka Nkhondo ya Jeremani

Ndinadzuka nkhuku zisanatsike, khosi litauma chifukwa chotsamira tayala la mota, njinga yamoto. M'nyumba ya siwa azimayi anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo moto wa amuna panja unali utatsala makala okhaokha. Amalume anali atatisiya dzulo lake. Ndi dzuwa la Okutobala la kuno ku Mualadzi, maliro sagonekedwa kawiri.

Ine ndimadyera pakamwa. Ndimagulitsa zipangizo za njinga kumalire ku Cassacatiza, ndipo pa kunenerera mtengo ndinkadziyesa katswiri. N'chifukwa chake amalume, mpweya ukuwathera, anasankha ine. Anandigwira dzanja nati kafosholo kawo kapite nawo m'manda. Ndinavomera msangamsanga, ngati wogula njinga osaikwerako.

Kafosholoko kanali ka agogo, bambo awo. Pa nkhondo ya Jeremani asipai, apolisi a Apwitikizi, anawagwira akadali mnyamata, kuti akasenze katundu wa asilikali a Chipwitikizi kumpoto uko. Mfuti sanaigwirepo. Ankasenza, madzulo n'kukumba maenje obisalamo asilikali, m'mawa n'kukumba ena oikamo amtengatenga anzawo omalizidwa ndi njala ndi kamwazi. Anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi kafosholo kampini waufupi. Amalume ankati kachitsulo aka kaona mitembo yokwana, kakapume.

Dzuwa potuluka utsi unali utakuta kuseri kwa nkhokwe, azimayi akukangana za nkhuni ndi mchere. Anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena atatu pa mota imodzi, ena pa ngolo. Aliyense wofuna chinthu ankafunsa ine, ngati ndine golosale. Pansi pa mango mphunzitsi wina wobwera anasonkhanitsa madoda, akuwafotokozera kuti pa nkhondo yomweyo ku Ulaya asilikali ankakhala m'ngalande zaka, matope m'maondo, makoswe akuwayenda pamimba. Mkulu wina anangofunsa kuti nanga kumunda ankawalimira ndani. Mphunzitsiyo anayamba kutsokomola.

Kenako uthenga unabwera kuchokera kumanda: adzukulu amaliza kukumba, koma kafosholo akukana nako. Apa m'pamene ndinakumbukira chimene ndikanayenera kuganiza ndisanalonjeze. Manda athu amakhala ndi kachipinda kam'mbali kogonekamo malemu. Khasu silitembenuka mmenemo. Mudzi wonse, kuyambira kale, umabwereka kafosholo komweka.

Ndinapita ndikutsitsa thukuta. Adzukulu si abale, ndipo kumanda mawu awo ndi lamulo; akhoza kukunyoza uli namfedwa iwe n'kungoti zikomo. Ndinapeza mkulu wawo atakhala pa mulu wa dothi, kafosholo kali pamiyendo ngati mwana.

“Akuluakulu, ndidzakubweretserani fosholo yatsopano, yonyezimira,” ndinatero.

“Zakumalire zija, zopindika ngati supuni? Si inu munandigulitsa pampu yomwe imachita kuyamwa mphepo m'tayala?”

Anzake anaseka mpaka wina anatsala pang'ono kugwera m'dzenje. Ndinatchula fodya. Anayang'ana kumwamba. Ndinatchula tambala. Anayasamula. Ndinafika pa mbuzi, mbuzi yoti ndilibe n'komwe. Apo anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kumapewa mpaka kumapazi.

“Akapita nako amalume anuwo, inu tidzakukumbirani ndi chiyani? Zikhadabo?”

Ndinatulutsa chida changa chomaliza, chimene sichinandigwiritsepo mwala pamsika: kunyamuka ngati ndakwiya, kuti andiitane. Ndinayenda mpaka pa mtengo wa msolo. Zii. Ndinaima, ndikumayerekeza kuchotsa minga kuphazi. Zii. Kumanda munthu ungapsere mtima n'kulowera kuti? Ndinabwerera ndekha, ngati galu woba mazira.

Nthawi imeneyo mitambo inali itadetsa cha kum'mawa, ndipo nyimbo zinayamba kumveka m'njira. Maliro anali atanyamuka. Ndinaona bokosi likubwera pamapewa, amayi anga, mlongo wawo wa malemu, akuyenda mochirikizidwa pambuyo. Lonjezo ndinali nalo, koma katundu ali m'manja mwa eni msika.

Ndinanong'oneza mkulu wa adzukulu uja kuti tigawane: mbali ina ipite ndi malemu, ina itsale. Anavomera ndisanatseke pakamwa. Wamalonda aliyense amadziwa kuti munthu akavomera mwachangu chotero, ndiye kuti wadyedwa ndiwe. Anagogoda pamwala, mpini n'kuguluka. Anandipatsa mpiniwo ndi manja awiri, mwaulemu wonse, chitsulo n'kuchibisa m'thumba.

Anatsitsa bokosi, nalilowetsa m'kachipinda. Ine ndinagwada, n'kupereka mpini kuti augoneke pambali pake. Anthu anang'ung'udza mondiyamikira. Dothi litayamba kugwa m'pamene mutu unanditseguka. Mpini uja amalume anausema chaka chatha, ku gwafa wa kuseri kwa khola, wakale utadyedwa ndi chiswe. Mjeremani sunamuonepo. Chimene chinakumba maenje a nkhondo chinali m'thumba la mdzukulu, chikudikira wotsatira.

Mvula inangowopseza, osagwa. Anthu anasamba m'manja, kudya, n'kubalalika, ndipo wina anapita ndi chipewa changa.

Madzulo nyumba inali yayikulu modabwitsa. Mphasa zinali zitapindidwa, ndipo pakhoma panatsala msomali wokha, wopachikapo kafosholo. Amayi anauyang'ana nthawi yaitali.

“Kapita?”

“Theka, amayi.”

“Theka liti?”

Ndinakanda mutu wanga wopanda chipewa. Anaseka, koyamba chiyambire maliro, kenako anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinakhala nawo pakhomo. Cha kutsidya kwa dambo kasemasema anali kugogoda pang'onopang'ono. Wina anali kusema mpini watsopano.