Kachizindikiro Kopinda Miyendo

Lachitatu, mwezi wa Juni.

Ndadzuka mtima uli dyokodyoko ngakhale kunali chisanu, chifukwa lero inali nthawi yanga yokhala pa kompyuta. Pasukulu pathu ku Area 25 zilipo zinayi zokha, zakale, ndipo timazilamula polemba mawu m'windo lakuda.

Ndinalonjeza anzanga owerenga nawo kuti ndiwabweretsera mapepala a mayeso akale a Bayoloji Loweruka. Ndinali ndi mphindi makumi anayi zoti ndiwatsitse pa intaneti yathu yochedwa ija, ndisindikize manotsi, ndikoperenso zina pa fulashi.

Mnzanga wa pambali panga anali ndi ntchito zitatu ngati zomwezo. Iye anatsegula mawindo atatu, lililonse ndi ntchito yake. Ine ndinafuna kuyesa zimene Madamu ophunzitsa kompyuta anatisonyeza sabata yatha: windo limodzi, koma kumapeto kwa lamulo lililonse kuikapo &, kachizindikiro kooneka ngati munthu wakhala pansi atapinda miyendo. Ukakaika, ntchitoyo imapita kuseri n'kumagwirika yokha, iwe n'kulemba ina.

"Iwe, ntchito zako zili kuti?" anandifunsa mnzangayo.

"Zili kuseri."

"Kuseri kwa bafa?"

Tinaseka mpaka Madamu anatiyang'ana. Komatu ine ndinkadziona wochenjera. Iye ankangodumphadumpha ndi mbewa ya kompyuta, mawindo ake ataphimbana, nthawi zina osadziwa kuti ali m'liti. Langa linali laukhondo bwino.

Makina osindikizira atasiya kulira, windo langa linangoti zii. Ndinaganiza kuti zonse zatha, ndinalitseka. Poyang'ana mapepala a mayeso aja, ndinapeza atatsika theka lokha, osatseguka n'komwe.

"Mwanawe, unafunsa ngati ntchito zonse zatha?" anatero Madamu. "Ukatseka windo, zonse zimene zili kuseri zimathera pomwepo."

Anandilembera liwu lakuti jobs pachikhatho. Akuti ukalilemba, kompyuta imakuuza ntchito zimene zikadali m'kati.

Chandidabwitsa n'chakuti njira ya mnzanga ndi yosokoneza maso, koma sibisa kanthu. Akanatseka windo molakwitsa, akanataya ntchito imodzi yokha. Yanga ndi yaukhondo, koma imafuna kuti uzikumbukira zimene sukuziona. Kodi amene anaipanga anali wosaiwalaiwala?

Belu linalira ndilibe mapepala. Mnzangayo wavomera kundigawira theka la nthawi yake mawa, bola azindiseka mpaka Lachisanu. Ndidzatsegula mawindo awiri: lina la mapepala okhaokha kuti ndiziwaona akutsika, linalo ndidzayeserenso kachizindikiro kaja.