Phala lobiriwira la apongozi

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikira ine mwini kwathu ku Kakumbi zaka zapitazo, ndipo wokayika abwere adzafunse anthu a m'mudzi mwathu, amene mpaka pano sanatope kundiseka.

Chaka chimenecho njovu zinkatimalizira chimanga, ndiye tinkayanika tsabola wambiri woti tizisakaniza ndi ndowe za njovuzo n'kumafukiza m'munda kuti zizithawa. Tsikulo ndinakhala pamphasa dzuwa lili paliwombo, maso ali pa tsabola wofiira psuu, ndikusankha wowola, kwinaku apongozi anga akudyetsa mwana wanga phala pakhonde. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi, poti ankati mwana wawo anakwatira mkazi wapakamwa, ndipo pamenepo sankanama.

Nditadzutsa mutu ndinaona phala lija lili lobiriwira, supuni ikulowa m'kamwa mwa mwana. Kuno kuchigwa, ndani sanamvepo za ndulu ya ng'ona? Ndinalumpha, kumenya mbale ija, n'kuwatchula apongozi dzina loti mfiti mudzi wonse ukumva, kenako ndinabereka mwana n'kupalasa njinga kupita kukiliniki, mwanayo akungoseka kumbuyo, kuyesa masewera.

Nesi, mayi wochokera kutali wolankhula Chinyanja chothyokathyoka, anamupima mwanayo osapeza kanthu, ndiye anafunsa chimene ndinkachita ndisanaone phalalo. Nditamuuza, anandiuza kuti ndiyang'anitsitse ndowa yofiira osaphethira, kenako ndiyang'ane khoma loyera. Abale, pakhoma panatuluka ndowa yobiriwira. Anati diso likakhalitsa pa chinthu chofiira, mbali yake yomwe imamva kufiira imatopa, ndiye ubongo, umene umayeza kufiira ndi kubiriwira ngati pasikelo, umapendekera kobiriwira ngakhale chinthucho chili choyera.

Pobwerera njingayo ndinachita kuikankha. Ndinapeza nkhuku zitatha kujompha phala lija, zonse zamoyo, tambala akulira bwinobwino. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinalira, apongozi anangondifunsa mwaulemu ngati ndaswera bwino.

Lero ndimakhulupirira kuti mitundu imene timaona imaphikidwa ndi ubongo, ndipo nthawi zina umapsereza. Mukaona chachilendo, phethirani kaye pakamwa pali potseka. Khoma la kukiliniki linayeranso ndisanatuluke n'komwe, koma mwana uja pano ali giredi seveni, ndipo agogo ake sanamupatsenso ngakhale nthochi ndi dzanja lawo.