Mpando Umene Ndinalanda pa Basi ya ku Newcastle

Ndinanyamuka ku Bradford Loweruka lina mu 2006, basi ya naini koloko m'mawa, tikiti mapaundi khumi ndi anayi. Ndinkapita ku Newcastle kukapereka usipa kwa mng'ono wanga woyembekezera, amene ankaulirira ngati kuti ku England kulibe chakudya. Ndinaukulunga m'mapulasitiki anayi, koma unkamvekabe.

Ku Leeds kunakwera mnyamata ndi mtsikana a msinkhu wa ku sekondale, nakhala kutsogolo kwanga. Ankalankhula Chisipanishi, chimene sindidziwa ngakhale moni wake. Koma unamwino wa zaka makumi awiri unandipatsa maso osagona. Mtsikanayo atakweza chikwama, ndinaona pamkono pake malo anayi odera, ondondozana monga zala. Foni yake italira, mnyamata anailanda n'kuiika m'thumba mwake. Mtsikanayo atati adandaule, mnyamata anamutsina pantchafu uku akumwetulira. Mtima wanga unawira.

Kuno amati za eni n'za eni. Ine ndinakulira ku Ndirande, kumene mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo za eni ndiye ndiwo zathu.

Cha m'ma hafu teni tinaima pamalo omwera tiyi, mnyamata n'kutsika kukasuta. Ndinanyamula thumba langa n'kukhala pampando wake, mwendo tambalale. Atabwera ndinamuuza kuti andikhululukire, ndine nkhalamba, bondo landivuta. Bondo lomwelo linali litasewera netibolo Lachinayi. Ataumirira, ndinamasula pulasitiki yoyamba ya usipa uja, kenaka yachiwiri. Anakakhala kumbuyo pafupi ndi chimbudzi, ndipo azungu awiri osalakwa anamutsatira.

Ndinam'patsa mtsikanayo mandasi. Dzina lake anali Daniela. Kwawo ndi ku Colombia, amayi ake ankakolopa m'maofesi ku Leeds, ndipo tsikulo ankayesa kuti mwana wawo ali kwa mnzake. Chibwenzicho chinkapita naye ku Middlesbrough kwa msuweni wake, kumene iye sankadziwa aliyense. Nditamufunsa ngati akufuna kutsika naye, anapukusa mutu. Ndinam'bwereka foni yanga, naimbira amayi ake monong'ona.

Masana titafika ku Middlesbrough, mnyamata anabwera n'kumugwira mkono womwe uja.

"Uyu ndi mwana wanga," ndinatero mokweza. "Akutsika ndi ine."

Dalaiva, bambo wa kamimba kake, anabwera. Anayang'ana nkhope yanga, nayang'ana ya Daniela, nayang'ananso mkonowo. Kenaka ananena kuti tikufanana ndithu, mnyamatayo abweze foni, atsike. Foni anaibweza poimenyetsa pansi, ndipo inasweka. Za tikiti ya mtunda wotsalawo dalaiva sanafunse.

Ku Newcastle tinafika hafu wani. Tinakhala pasiteshoni ya sitima kudikira amayi ake, tikudya tchipisi cha vinega wambiri. Ine ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu momwe ndikaisimbire nkhaniyi kutchalitchi. Pamenepo Daniela anandipempha foni kuti amufunse mnyamata uja ngati wafika bwino.

"Akapanda kukwiya ndi munthu wabwino, anti," anatero.

Ndinamuuza kuti batire latha. Foni inalira m'chikwama nthawi yomweyo, mng'ono wanga akufunsa kumene ndasochera. Daniela anandiyang'ana, naseka mpaka kutsamwa, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Ineyo ndinachita mantha kuposa m'basi muja.

Amayi ake anafika pa sitima ya fo koloko, adakali m'yunifomu ya kuntchito. Ankandithokoza ngati nkhani yatha. Ndinawakokera pambali n'kuwauza zonse, za mkono, za kutsina, ngakhale za uthenga umene mwana wawo ankafuna kutumiza, ndi kuti akauze aphunzitsi ake. Kuulula kumeneko kunandiwawa, koma ulendowu unandiphunzitsa malire a uchenjeri wanga. Mnyamata uja ndinangomutsitsa m'basi mokha. Lolemba Daniela ankakakhala naye m'kalasi imodzi.