Odi wa M'bango

Agogo aamuna oyandikana nafe amakhala okha chimwalirireni akazi awo. M'mawa uliwonse amapita kudambo, kamera ili m'khosi, kukajambula akakowa ndi abakha. Zithunzizo amaonetsa aliyense, kuchonderera kuti magalimoto aleke kukwirira dambolo ndi dothi, koma anthu amangowadutsa.

Dzana ndinawapeza m'mphepete mwa bango, ine mwana ali kumbuyo. Ndinawamva akuti, "Odi kuno!" Ndinaseka chobisa, iwo n'kundiona.

"Seka, mwananga. Pano n'pakhomo pa eni ake."

"Nanga amayankha, agogo?" ndinafunsa chapansipansi.

"Kale ankayankha mpaka makutu kugontha."

Anaodiranso. Tinadikira mpaka mwana anagona. Kenaka anatseka kamera yawo n'kuti, "Tiye tizipita. Asamuka osanditsanzika."